Nyumba ya lendi ya ana a yunivesite: ndiyang'ane chiyani ndisanagule?

Wongoyamba:
Moni nonse. Pali nyumba ya zipinda 6 yomwe ikugulitsidwa pafupi ndi yunivesite, ulendo wa mphindi 15 wapansi. Ndikufuna kuika mabedi awiri m'chipinda chilichonse, ophunzira akhale 12, aliyense azilipira payekha. Theka la ndalama ndikongola kubanki. Akuluakulu amene mukuidziwa ntchitoyi, ndiyang'ane chiyani ndisanasaine?

Wowerengera:
Achimwene, yambani ndi kalendala ya sukuluyo. Ophunzira salipira miyezi 12. Tiyerekeze kuti amakhala pasukulu miyezi 9: mabedi 12 kuchulukitsa ndi 9 ndi malipiro 108 pachaka, pomwe ambiri akamawerenga amaika 144. Bedi limodzi muliwerengere lopanda munthu, chifukwa wina amasiya sukulu, wina amasamuka pakati pa semesita. Mwatsala ndi 99. Pamenepo muchotse 15 yokonzera zowonongeka, 10 ya woyang'anira nyumba, kenako madzi, msonkho wa kukhonsolo ndi inshuwalansi. Zolowa m'thumba zikhala pafupi ndi 65 kapena 70, theka la zomwe munaona poyamba.

Nambala imeneyo ndiyo muiyerekeze ndi lendi ya banja limodzi, lomwe limalipira chaka chonse ndipo limadzilipirira madzi ndi magetsi. Muiyerekezenso ndi ngongole. Banki imafuna zake mwezi uliwonse, holide kapena ayi. Ngati nyumba ikubweza 8 pa 100 ya mtengo wake pachaka pomwe chiwongoladzanja chikuposa pamenepo, gawo lomwe mwakongolalo likudya gawo lanu. Musayambe musanaike padera ndalama zolipirira ngongole miyezi 4, poti sukulu ikhoza kutsekedwa mwadzidzidzi, monga zinachitikira m'maiko ambiri mu 2020 nthawi ya Covid-19.

Mmisiri:
Ine ndikambe za nyumbayo. Inamangidwira banja la anthu 5 kapena 6, inu mukuikamo akuluakulu 12 omwe amadzuka nthawi imodzi.

Magetsi ndiwo amayamba kuvuta. Ketulo imodzi imakoka mawati pafupifupi 2,000, hotplate 1,000 mpaka 1,500, ayironi chimodzimodzi. Mzere wa masoketi wa waya wa 2.5 mm² wokhala ndi breaker (chodula magetsi akachuluka) ya 20 A pa magetsi a 230 V umanyamula mawati 4,600 basi. Maketulo atatu akayatsidwa limodzi, apyola malirewo ndipo breaker ikhoza kugwa. Choopsa n'chakuti anthu akatopa nayo amaikapo yaikulu, waya ali yemweyo. Zikatero waya amatentha m'khoma breaker isanagwe, ndipo moto umayambira pomwepo. Itanani wamagetsi wa chiphaso agawe mizere: khitchini wakewake, giza wakewake, zipinda ziwiriziwiri mzere umodzi. Chipinda chilichonse chikhale ndi masoketi osachepera 4 kuti asamalumikize maadaputa. Kuphikira m'chipinda mukuletse, koma mukatero khitchini ikhale yokwanira, apo ayi aziphikabe mobisa.

Madzi muwerengere malita 80 pa munthu patsiku, onse pamodzi pafupifupi 1,000. Thanki ya malita 2,000 iwasunga masiku awiri madzi akasiya. Chimbudzi chimodzi ndi bafa limodzi zisapitirire anthu 4 kapena 5, ndipo zikhale zolekana kuti wosamba asatsekereze mnzake. Ngati nyumbayo ili ndi septic tank, funsani kukula kwake: yopangira banja imadzaza msanga, madzi oipa n'kumabwerera m'mapaipi. Zitsulo zam'mawindo zisatseke ponse. Pakhale khomo lachiwiri lothawira moto ndi chozimitsira moto kukhitchini.

Mayi Landilodi:
Zonsezi n'zoona. Musanapereke kobiri, muone chikalata cha umwini wa malo ku ofesi yoona za malo, mufunsenso kukhonsolo ngati nyumba ya dera limenelo imaloledwa kusandutsidwa hosteli. Mukaphonya apa, zomwe mwakonzazo zikhoza kutsekedwa aneba akangodandaula.

Lendi ikhale ya pa semesita, yolipiriratu, chifukwa ophunzira ambiri ndalama zimawafikira kumayambiriro. Aliyense asaine mgwirizano wakewake, kholo kapena womulipirira asainenso. Mgwirizano umodzi wa gulu lonse umabala mkangano mmodzi akathawa. Dipoziti ya mwezi umodzi, ndipo tsiku lolowa mujambule zithunzi za bedi, matiresi, loko ndi makoma, nonse musaine. Popanda zimenezi dipoziti simungaidule mwachilungamo.

Wongoyamba:
Zikomo kwambiri. Nanga magetsi ndiwaphatikize mu lendi?

Mayi Landilodi:
Ayi bambo, zaulere sazisamala. Ikani mita yogulira mayunitsi, kapena timamita tating'ono pa chipinda chilichonse. Inu mulipire magetsi apanja ndi pampu ya madzi, intaneti muiphatikize mu lendi poti imeneyo ndiyo imakopa ophunzira. Mufunsenso ku ofesi yoona za ophunzira kuti ndi angati amasowa malo pasukulupo, komanso ngati pali mapulani omanga mahosteli atsopano. Akamanga, nyumba zakutali ndizo zimayamba kusowa anthu. Choncho pokonza musagwetse makoma mwanjira yoti nyumbayo singabwererenso kukhala ya banja.