Zatheka: :help wayamba kupeza malangizo a pulagini yathu ija

Abale, ndabweranso ndi nkhani ya sabata yatha ija. Ndinafunsa chifukwa chake Vim, pulogalamu yolembera khodi, imangondiyankha kuti E149 (kutanthauza kuti malangizo sakupezeka) ndikalemba :help, lamulo lotsegulira malangizo, chonsecho ndinali nditalemba kale malangizo atsopano a pulagini (kapulogalamu kowonjezera pa Vim) yathu yofufuza zolakwika mu khodi ya Python.

Achimwene ena a ku Randburg, ku Johannesburg, amene anandiyankha ananena zoona: Vim imayamba yayang'ana kafayilo kotchedwa tags, ka mu foda ya doc, kamene kamasunga mayina a mitu ya malangizo. Ukasintha malangizo osalemba :helptags, lamulo lokonzanso tags, kafayiloko kamakhalabe ndi mayina akale. Loweruka m'mawa, tiyi ali pambali, ndinalemba :helptags ALL ndili ndi chikhulupiriro chonse, koma kunatulukanso E154, kutanthauza kuti dzina lina labwerezedwa. Apa ndiye thukuta linayamba. Kufufuza bwino, dzina la mutu wina wa m'malangizomo, g:lint_on_save, ndinaliika pakati pa nyenyezi (*chonchi*) kawiri, kumtunda ndi kumunsi komwe. Nyenyezizo zimatanthauza kuti mutu uli pompano, ndipo dzina limodzi silingakhale ndi malo awiri. Ukafuna kungolozera owerenga kwina, umaika timizere toimirira, |chonchi|. Ine ndinkangosakaniza ngati nyemba ndi nandolo m'thumba limodzi.

Ndakonza zimenezo, ndadulanso mizere kuti isapitirire zilembo 78, monga mmene malangizo a Vim eniake alili. Chigawo cha flake8, chida chofufuzira zolakwika mu Python, ndachilemba mwatsopano, poti chakale chinkanena za kaikidwe komwe tinakasiya kalekale.

README yokha, fayilo yofotokoza za pulaginiyi, sindinaigwire, ndinatopa. Ndiiona Lolemba ndikangotsika takisi pa siteshoni ya Bree, ofesi isanadzaze anthu. Zikomo kwambiri achimwene.