Kodi khoti lingalole woimbidwa mlandu kuti asamafike iye mwini pa tsiku la mlandu?

Wofunsa

Ndikupempha inu amene mumadziwa za malamulo kuti mundiunikire. Amalume anga, omwe ndi okalamba ndipo amadwala matenda a impso, akuimbidwa mlandu waung'ono umene chilango chake nthawi zambiri chimakhala chindapusa. Khoti lili kutali ndi kumene amakhala, ndipo kawirikawiri akafika kumeneko mlanduwo umangoimitsidwa popanda mboni iliyonse kuyankhula. Kodi lamulo limalola kuti loya wawo azipita yekha m'malo mwawo? Ndipo ngati likulola, kodi woweruza sangaone ngati akuthawa mlandu, kapena kodi sangataye mwayi wina wodziteteza chifukwa chosakhalapo?

Wodziwa za makhoti

Akulu, funso lanu lili ndi yankho, koma choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza. Pali kuzenga mlandu munthu atathawa kapena atakana dala kubwera, ndipo pali kupempha khoti kuti limulole munthu kusafika, iye ali wodziwika kumene ali komanso loya wake akumuimira. Amalume anu akufuna chachiwirichi, ndipo chimenechi malamulo a mayiko ambiri amachivomereza.

Chiyambi cha nkhani yonseyi n'chakuti kupezeka pa mlandu wako ndi ufulu wako. Pangano la United Nations la mu 1966 lokhudza ufulu wa anthu pa ndale ndi pa moyo wawo, mu ndime 14, limanena kuti woimbidwa mlandu ali ndi ufulu woti mlandu wake uzengedwe iye alipo. Popeza ufuluwu unaikidwa kuti uteteze iyeyo, iye mwini angathe kuvomera kuti masiku ena asakhalepo, malinga ngati wavomera mwakufuna kwake ndipo akudziwa zimene akutaya. Komabe kupezeka pa mlandu ndi udindonso, chifukwa khoti limafuna kuona munthu amene likumuweruza. N'chifukwa chake chilolezo chimachokera kwa woweruza, ndipo woweruzayo angathe kuchichotsa tsiku lililonse.

Dziko la India ndi limodzi mwa mayiko amene analongosola bwino nkhaniyi. Lamulo lawo la kazengedwe ka milandu la mu 1973, mu ndime 205, linkapatsa majisitireti mphamvu yolola munthu amene waitanidwa ndi chisamani kuti aimiridwe ndi loya wake, ndipo ndime 317 inkalola kuti mlandu upitirire iye palibe ngati woweruza walemba zifukwa zake. Lamulo latsopano limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2024 linasunga mphamvu zonse ziwirizi. Mu 2001, pa mlandu wa Bhaskar Industries, Khoti Lalikulu Kwambiri la dzikolo linagamula kuti pa milandu yaing'ono woweruza angathe ngakhale kulandira yankho la kuvomera kapena kukana mlandu kudzera mwa loya, makamaka pamene woimbidwa mlandu amakhala kutali ndipo kubwera kungamuvutitse popanda phindu lililonse pa chilungamo. Ku America, lamulo nambala 43 la makhoti a boma lalikulu limafuna kuti woimbidwa mlandu akhalepo pa gawo lililonse la mlandu, koma limalola kuti asakhalepo ngati chilango cha mlanduwo sichipitirira chaka chimodzi m'ndende kapena chindapusa ndipo iye wavomera polemba. Ku England, pa milandu ina yaing'ono kwambiri, munthu amatha kuvomera mlandu pongotumiza kalata.

Zimene loya ayenera kuchita n'zosavuta kuzimvetsa. Alembe pempho lofotokoza chifukwa chenicheni, aphatikizepo kalata ya dokotala yonena za matendawo ndi chifukwa chake ulendo uli woopsa kwa wodwalayo. M'pempholo amalume anu alonjeze kuti loya wawo azipezeka tsiku lililonse, kuti sadzatsutsa zoti iwo ndi amene akutchulidwa m'mlanduwo, kuti sadzadandaula pambuyo pake ponena kuti umboni unaperekedwa iwo palibe, ndiponso kuti adzafika okha tsiku limene khoti lidzawafune. Malonjezo amenewa ndi amene amatsimikizira woweruza kuti munthuyo sakuthawa ndipo sakufuna kuchedwetsa mlandu.

Wokayikira

Zimene mwafotokozazi n'zoona, koma ine mtima wanga sukhazikika ndi mphamvu imeneyi, chifukwa amene amapindula nayo kwambiri ndi anthu amene ali ndi ndalama zolembera loya komanso amene ali ndi maudindo akuluakulu. Munthu wosauka amene alibe loya alibe womuimira, choncho ayenera kubwera yekha ngakhale akudwala, pamene munthu wolemera amakhala kunyumba.

Taonani zimene zinachitika ku khoti la ICC, lomwe ndi khoti la padziko lonse lozenga milandu ikuluikulu, ku The Hague m'dziko la Netherlands. Pangano la ku Rome limene linakhazikitsa khotilo limanena momveka bwino mu ndime 63 kuti woimbidwa mlandu ayenera kukhalapo pamene mlandu wake ukuzengedwa. William Ruto, yemwe pa nthawiyo anali wachiwiri kwa pulezidenti wa Kenya, ankayankha milandu yokhudza zipolowe zimene zinachitika m'dzikolo pambuyo pa chisankho cha mu 2007. Mu Juni 2013 oweruza anamulola kusapezeka pa masiku ambiri a mlanduwo chifukwa cha udindo wake. Mu Okutobala chaka chomwecho oweruza a apilo anathetsa chilolezocho, ponena kuti kusakhalapo kuyenera kuchitika pa zifukwa zapadera zokha ndiponso kwa nthawi yochepa. Patangopita mwezi umodzi, mayiko amene ali mamembala a khotilo anasintha malamulo ake ndi kuikamo ndime yolola munthu amene ali ndi ntchito zapamwamba kwambiri za boma kuti aimiridwe ndi loya. Anthu amene anataya abale awo pa zipolowezo anaona lamulo likusinthidwa kuti likomere munthu waudindo, ndipo zimenezi zimandivuta kuzitcha chilungamo.

Wodziwa za makhoti

Nkhawa yanu ndikuimva ndipo pa nkhani ya ku The Hague ndikugwirizana nanu, pakuti udindo wa munthu suyenera kukhala chifukwa chomuchitira zimene ena sangachitiridwe. Koma mankhwala a vutoli si kukakamiza nkhalamba yodwala kuti iziyenda ulendo wautali kudzangomva kuti mlandu waimitsidwa. Chofunika n'chakuti woweruza ayang'ane kukula kwa mlandu ndi kulemera kwa chifukwa chimene chaperekedwa, osati dzina la wopemphayo, ndiponso kuti osauka azipatsidwa maloya a boma kuti nawonso athe kupempha zomwezo. Pa milandu yaikulu, monga yakupha kapena yogwiririra, makhoti salola chilolezo chotere mwachisawawa, ndipo n'koyenera kutero.

Wakale pa ntchito ya ukalaliki wa khoti

Ndiwonjezere chenjezo kwa inu amene mwafunsa. Amalume anu asayerekeze kukhala kunyumba khoti lisanayankhe pempholo, ngakhale loya atawauza kuti zonse zili bwino. Munthu amene sanafike pa tsiku lake popanda chilolezo amatulutsiridwa chikalata chomumanga, belo yake ingathe kuthetsedwa, ndipo amene anamusainira belo angathe kulipitsidwa ndalama zimene analonjeza. M'mayiko ena khoti limapitiriza mlandu mpaka kugamula. Ku England, pa mlandu wa Jones wa mu 2002, khoti lalikulu kwambiri la nthawiyo linavomereza kuti munthu amene wathawa dala angaweruzidwe iye palibe, ngakhale linachenjeza oweruza kuti azichita zimenezi mosamala kwambiri.

Chachiwiri, pa funso lanu lakuti kodi angataye mwayi wodziteteza, yankho langa n'lakuti inde, angataye kanthu. Loya amadziwa malamulo, koma amene amadziwa zimene zinachitikadi ndi mwini mlandu. Mboni ikanena zabodza kapena ikasokoneza tsiku ndi malo, woimbidwa mlandu amene wakhala pafupi amatha kumunong'oneza loya wake nthawi yomweyo, ndipo loyayo amafunsa funso limene likanamudutsa. Choncho ndi bwino kupempha chilolezo cha masiku amene palibe chachikulu chikuchitika, monga masiku ongotchula mlandu ndi masiku amene maloya akukangana pa mfundo za malamulo zokha, koma afike okha pamene mboni zofunika kwambiri zikupereka umboni, pamene iwo akufotokoza mbali yawo, ndiponso pa tsiku la chigamulo. Ngati pali mboni imene ikuyenera kuwaloza kuti ndi iwowa, woweruza adzawaitana ndithu.

Ngati thanzi lawo silingalole ngakhale masiku ochepawo, loya afunse ngati khotilo lili ndi zipangizo zoti munthu azitsatira mlandu pa kanema kudzera pa intaneti, popeza makhoti ambiri anayamba kugwiritsa ntchito njirayi kwambiri kuyambira mu 2020 pa nthawi ya mliri wa Covid-19. Akapempha zimenezi, apemphenso kuti pakhale njira yoti amalume anu aziyankhula ndi loya wawo mwachinsinsi mlandu uli mkati, ena onse osamva.