Ma volontiya akumudzi amawakumbukira ndani?

Wa ku Chipoka: Abale ndifunseko, mlamu wanga wakhala akulera ana ku mkombaphala zaka 6 osalandira ngakhale sopo, m'mawa kuphika phala ndi kuphunzitsa, masana kudimba. Anthu amenewa amawakumbukira ndani?

Mnyamata wa ku Dwangwa: Musanene achimwene, kwathu kuno mayi wapakati matenda akamuyamba usiku ndi ma volontiya omwewo amamukweza panjinga mpaka kuchipatala, mvula kaya matope, nanga mlangizi wa zaumoyo (HSA) mmodzi angathe midzi yonseyi?

Anaphiri: Koma enanso amangofuna alawansi ya ku semina ndi tisheti basi kkkk, ntchito ikafika foni azimitsa.

Wa ku Chipoka: Anaphiri inu, tisheti amadya? Mlamu wangayo nkhuni zophikira phala amachita kusenza yekha kuchoka kwawo, makolo a anawo ali phee.