Kodi ndere za m'mwambi uja ndi ziti?

Akuluakulu, ndithandizeni pa mwambi uwu: "Mwala wokunkhunizika suyanga ndere." Kusukulu adatiuza kuti munthu wosakhazikika, lero kuno mawa uko, sapeza chuma. Izo ndamva. Koma ndere zake ndi ziti?

Ndikuthandiza nawo kulemba mndandanda wa ndere za m'phiri la Mulanje, ndipo dzina limodzili likugwira zinthu zitatu. Pali zoterera za pamiyala ya mumtsinje, pali zofewa zobiriwira za pamthunzi, ndiye pali izi zomwe a sayansi amati lichen: zouma, zotuwa kapena zachikasu, zomata pathanthwe ngati zipere. Zimenezi ndi mtundu wa bowa wokhala pamodzi ndi tizomera tobiriwira tosaoneka ndi maso. Tizomerato timapanga chakudya ndi dzuwa, bowayo n'kumatisungira chinyezi. Simon Schwendener, katswiri wa zomera wa ku Switzerland, ndiye adayamba kunena zimenezi mu 1867, ndipo anzake ambiri adamutsutsa.

Ndere za lichen zilipo zamitundumitundu, zina zimamera pa mitengo, ndipo kuzisiyanitsa n'kovuta. Zija zimalendewera pa mikungudza, za mtundu wa Usnea, ukazikoka pang'onopang'ono khungu limaduka koma m'kati mumatsala kaulusi koyera kotanuka. Zina timadontheza kadontho ka Jik pamene tapala, n'kuona ngati pafiire.

Ine ndikuganiza kuti makolo ankanena za pathanthwezi. Zina zimakula osakwana milimita imodzi pachaka, choncho mwala wodzaza nazo ndiye kuti wakhala pamalo amodzi zaka zambirimbiri. Inu mukuti bwanji?

Yankho loyamba:
Achimwene, kwathu ku Nkhotakota ndere ndi za m'madzi basi. Mwala umakunkhunizika kuti ngati si mumtsinje nthawi ya dzinja? Madzi akadzaza, miyala yoyenda imatuluka yoyera mbee, yokhazikika ndiye imaterera. Agogo athu ankaona zimenezo tsiku lililonse pokatunga madzi. Ndi angati ankakwera ku Sapitwa, pansonga pa phiri la Mulanje?

Yankho lachiwiri:
Ana anga, mvetserani mawu akuti "kuyanga". Maungu amayanga, kangaude amayanga. Ndi chinthu choyambira pamodzi n'kumafalikira pang'onopang'ono, monga zimachitira za pathanthwezo. Ndiponso simusowa kukwera phiri kuti muzione, zili pa matanthwe omwe timayanikapo mphale. Ife mwambiwu ankatiuza pa nkhani ya banja ndi munda: wosamukasamuka sadyako mango a mtengo womwe adabzala.

Wofunsa:
Zikomo amayi. Nanga kwanuko zolendewera pa mitengo zija mumazitchula chiyani? Ndikufuna dzinalo lilowe m'ndandanda pambali pa la Chilatini, pamodzi ndi dera lomwe limanenedwa.