Foni ikangolira mtima umathamanga, ndithandizeni

Wobisa dzina: A admin chonde dzina musalionetse, a ku ofesi kwathu ambiri ali m'gulu muno. Ndagwira ntchito pakampani ina zaka zinayi. Chaka chino anthu awiri anachoka m'dipatimenti yathu ndipo sanalembe ena, ntchito yawo yonse inagwera ine. Ndimaweruka kutada, ndikamafika kunyumba abwana ayamba kale kutumiza mauthenga pa WhatsApp, mwina mpaka 11 koloko usiku. Tulo ndiye ayi, ndimadzidzimuka cha m'ma 3 n'kuyamba kuwerengera zomwe sindinamalize. Lamlungu madzulo m'mimba mumachita kupotokola. Komanso mnzanga amene timakhala tebulo limodzi amalankhula pafoni mokuwa tsiku lonse, anatenga mpando wanga wabwino ndili patchuthi, ndipo amamwera kapu yanga. Amuna anga akuti ndasintha, ndikumakalipira ana pa zinthu zazii. Mlamu wanga amene tikumusunga satsuka ndi mbale yomwe, koma imeneyo ndi nkhani ina. Ndiye zitachitika za Lachitatu zija andipatsa kalata. Nditani? Kulipo kumene munthu wapantchito angapeze thandizo popanda kumutcha wamisala?

Bambo Mkuntho: MULI PANTCHITO MUKUDANDAULA? Anzanu ali ndi madigiri akungokhala pakhomo. Ife tinagwira ntchito zaka 30, abwana akutikalipira pamaso pa anthu, sitinamvepo za stress. Amenewa ndi matenda a anthu okhuta. Limbani mtima mayi, ntchito si phwando.

Wazamalamulo a ntchito: Achemwali, za Lachitatu ziti? Kalatayo ikuti chiyani? Ya chenjezo, yokuyimitsani, kapena yokuyitanani kuti mukadziyankhire? Malangizo ake ndi osiyana.

Wanthabwala: Ine mtima wanga uli pa kapu. Mpando atenge, koma kapu? Ameneyo ndi mdani weniweni, abwana aja n'ngabwino.

Namwino wa usiku: Bambo Mkuntho, kusamva dzina la matenda sikutanthauza kuti kunalibe. Angati mwa anzanu aja anagwa ndi BP asanapume pantchito? Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi la zantchito la ILO anatulutsa kafukufuku mu 2021 wosonyeza kuti mu 2016 anthu 745,000 anafa ndi sitiroko komanso matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola ochuluka. Wogwira maola 55 kapena kuposa pa sabata chiopsezo cha sitiroko chimakwera ndi 35 peresenti poyerekeza ndi wogwira maola 35 mpaka 40. Mayi, thupi likakhala tcheru osapuma limatulutsa mahomoni a nkhawa otchedwa cortisol ndi adrenaline nthawi zonse, n'chifukwa chake mtima ukuthamanga ndipo tulo takana. Pitani kuchipatala akakuyezeni BP, ndipo mukanene zonse, osangoti mutu ukundipweteka.

Bambo Mkuntho: Manambala a ku Geneva kumalikulu a WHO amenewo. Akuwerenga ndani? Ine BP ndili nayo koma ndi ya kumtundu.

Mayi a mapasa: Mwandikumbutsa zanga. Ine abwana anga anali mzimayi mnzanga, koma nkhanza zake! Ndinkalirira kuchimbudzi tsiku lililonse, tsitsi linayamba kuthothoka. Nditakanena kwa a HR, oona za ogwira ntchito, mawa lake nkhani yonse inali patebulo la abwana omwewo. Anandisamutsa kundiika kosungira mafayilo ngati chilango. Ndinasiya ndili ndi mimba ya miyezi isanu, mpaka lero ndalama zanga za tchuthi sanandipatse. A HR musawakhulupirire, amadya ndi abwana.

Wa HR wotopa: Mayi a mapasa pepani pa zomwe munakumana nazo, koma si tonse. Nafenso timakalipiridwa mbali zonse. Mwini funso, funsani ngati kampani yanu ili ndi EAP. Ndi dongosolo limene kampani imalipira aphungu akunja, inu mumawaimbira nokha, ndipo zomwe mwakambirana sizifika kwa abwana. Makampani ena ali nalo koma ogwira ntchito sadziwa chifukwa zinangolembedwa m'kabuku kamene palibe amawerenga. Onaninso ngati inshuwalansi yanu ya chipatala imalipira uphungu.

Mayi a mapasa: "Sizifika kwa abwana." Hahaha. Ndinamvapo zimenezo.

Mlongo mwa Ambuye: Mayi gwadani. Ntchito munaipeza ndi pemphero, muisunganso ndi pemphero. Kudzuka 3 koloko kumeneko mwina mukuitanidwa kuti mupemphere.

Namwino wa usiku: Apemphere ndithu, koma kuchipatala apitenso. Ziwirizi sizilimbana.

Bambo Mkuntho: Mukuona? Mumuuza akaonane ndi dokotala wa amisala, mawa ofesi yonse idziwa, pokweza anthu maudindo amudumpha. Mwamuthandiza pamenepo? Ana a masiku ano chilichonse depression. Abwana akakuyang'ana depression. Mvula ikagwa depression. Mayi, gwirani ntchito, mukaweruka mugone, basi.

Wanthabwala: "Mugone basi." Akuti tulo sakutipeza, bambo akuti mankhwala ake ndi kugona. Dokotala wamkulu ameneyu.

Wophunzira za uphungu: Tisiyanitse zinthu. Burnout WHO inaiika m'buku lake la mndandanda wa matenda la ICD-11 mu 2019, osati ngati matenda koma ngati vuto lochokera kuntchito: kutheratu mphamvu, kuyamba kuipidwa ndi ntchito, ndi kulephera kugwira bwino monga kale. Koma ngati kwa masabata awiri kapena kuposa mtima uli wosweka pafupifupi tsiku lililonse ndipo zomwe munkazikonda sizikukusangalatsaninso, pamenepo akuoneni katswiri. Kukaonana ndi mphungu si misala, mumangokambirana, ndipo njira ngati CBT, yophunzitsa kusintha kaganizidwe ndi zochita, imathandiza pa nkhawa ndi kusowa tulo. Ngati maganizo odzivulaza akubwera, musadikire, uzani munthu wapafupi lero lomwe mupite kuchipatala. Bambo Mkuntho, mawu ngati anuwo ndi amene amachititsa anthu kubisa mpaka zitafika poipa.

Bwana wa ine ndekha: Vuto ndi kulembedwa ntchito. Ine ndinasiya kalekale, pano ndimadzuka nthawi yomwe ndafuna. Mayi bwerani ku inbox ndikuonetseni mwayi.

Wazamalamulo a ntchito: A admin chotsani uyu. Achemwali, poyembekezera yankho lanu: musasaine pepala lililonse musanaliwerenge modekha, ndipo musalembe kalata yosiya ntchito muli okwiya. Mauthenga a usiku aja asungeni, lembani maola amene mukuweruka. Werengani kontirakiti yanu pa za maola ndi ovataimu. Lamulo la maola 8 patsiku ndi 48 pa sabata ILO inaligwirizana mu 1919, si zachilendo ayi. Lemberani abwana imelo, muike ntchito zonse za anthu atatuzo, muwafunse kuti ziyambe ziti. Ngati muli ndi union, pitani ndi nthumwi. Dokotala akakupatsani masiku opuma, kalata yake ikafike ku ofesi.

Bambo Mkuntho: Imelo kwa abwana? Mufuna amuchotse? Ine nthawi yanga wolemba makalata otere ankanyamula katundu tsiku lomwelo.

Mayi a mapasa: Apa pokha ndagwirizana nanu bambo.

Wobisa dzina: Zikomo nonse, ndawerenga ndikulira. Mawa ndipita kukayezetsa BP. Za EAP sindinamvepo, ndifunsa mwakachetechete. Kapu ija ndaitenga ndabwera nayo kunyumba. Mlamu uja akuti achoka mwezi wamawa koma sindikukhulupirira.

Wazamalamulo a ntchito: Achemwali, kalatayo ikuti chiyani?