Thandizeni nzeru: holo ya kanema tinaipulumutsa, koma tiilembetse m'dzina la ndani?

Akuluakulu a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani yofuna mitu yambiri. Ndili pa msika wina wa m'mbali mwa msewu wa M1, pakati pa Dedza boma ndi Lizulu. Dzina la malowo ndilisunga kaye poti nkhaniyi ikukhudza banja la eni nyumba.

Kuno tili ndi holo ya kanema imene ambirife tinakuliramo. Anaimanga bambo wina amene anagwirapo ntchito kumigodi ku Joni. Poyamba inali sitolo, koma m'zaka za m'ma 1990 anachotsamo mashelefu n'kuikamo sikirini, deki ya matepi ndi jenereta. Ana a lero sangamvetse kuti chinali chinthu chotani. Dziko lino linalibe wailesi yakanema yakeyake mpaka TVM itayamba mu 1999. Nyumba za kanema za Apollo ku Blantyre ndi Rainbow ku Limbe tinkangozimvera kwa obwera kutauni. Kanema amene makolo athu ankamudziwa ndi wa galimoto ya boma yofalitsa nkhani, imene inkabwera mwa apo ndi apo n'kupachika chinsalu pabwalo la sukulu. Ndiye holoyi itatsegulidwa, ngakhale abale athu a kutsidya kwa msewu, ku Mozambique, ankadzadzamo. Mabenchi a matabwa a paini, mazenera otseka ndi ziguduli, pakhomo bolodi lolemba ndi choko. Mu June, poti kuzizira kwa kuno mukukudziwa, anthu ankalowa atafunda mabulangete, chipisi chotentha chili m'kajumbo.

Mafoni ndi mamemore atachuluka anthu anayamba kuchepa, wongoigwiriza unali mpira wa ku England. Mwini wake atatisiya, ana anafuna kubwereketsa nyumbayo kwa wogula mbewu kuti azisungiramo soya ndi kachewere. Apa m'pamene tinadzuka. Amayi a banki m'khonde, akabaza, ogulitsa mumsika ndi aphunzitsi tinasonkha, aliyense monga mwa thumba lake. Tinasintha malata odontha, tinagula pulojekita yakaunjika, sola ndi batire. Kalipentala wathu anakonza mabenchi osalandira kanthu. Tinagwirizana ndi mayi amasiye pamaso pa amfumu kuti tizipereka lendi mwezi ndi mwezi, ndipo sitinaphonyepo.

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti zonsezi n'zapakamwa. Ndalama za pakhomo zimakhala mufoni ya msungichuma wathu. Mwana wina wa malemu amene ali ku Johannesburg wayamba kuimba foni, akuti chilichonse chili m'nyumba ya bambo ake n'cha banja, pulojekita yomwe. Kodi tilembetse ngati kopaletivi kapena bungwe la m'mudzi? Ziphaso zofunika n'ziti? Komanso tikufuna tizionetsa mafilimu achimalawi mwachilungamo, osati obena, koma njira yake sitikuidziwa.

NDEMANGA

Mphunzitsi wopuma, Linthipe:
Achimwene, musanathamangire kulembetsa, yambani ndi pepala la lendi. Lembani zaka zimene mwagwirizana, ndalama yake, ndi mndandanda wa katundu wa gulu: pulojekita, sola, batire, masipika. Asaine mayi, ana onse amene mungawapeze, mwinimbumba ndi amfumu. Malisiti mukadali nawo? Malata mwakhoma kale, amenewo muwawerenge ngati apita ndi nyumba, pokhapokha agwirizane zochotsera pa lendi.

Mayi wa bizinesi, Ntcheu:
Kopaletivi imalembetsedwa ku unduna wa zamalonda ndipo imayenera anthu amene agula masheya n'cholinga chogawana phindu. Inu mukufuna phindu kapena mukufuna holo isafe? Ngati n'chachiwiricho, pitani kwa DC mukafunse ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu momwe amalembetsera bungwe la m'mudzi (CBO). Mukakhala ndi malamulo a gulu olembedwa, tsegulani akaunti kubanki yosainira anthu atatu. Ndalama za gulu mufoni ya munthu mmodzi zimadanitsa abale, ngakhale munthuyo akhale wokhulupirika chotani.

Kholo la ku Bembeke:
Ine ndinena mosapsatira. Mavidiyo sho awononga ana ambiri. Mwana wachoka kunyumba ndi yunifolomu, koma tsiku lonse ali mumdima kuonera zomenyana. Mukupulumutsa chiyani kwenikweni?

Mnyamata woonetsa mpira, Lilongwe:
Ziphaso zilipo zingapo, bwana. Cha bizinesi mukatenga kukhonsolo. Malo oonetserako kanema amayang'aniridwanso ndi a Censorship Board, malinga ndi lamulo la 1968 la zamsangulutso. Za umwini wa nyimbo ndi mafilimu pitani ku COSOMA. Mafilimu achimalawi, lankhulani ndi owapanga eni ake, ambiri ali pa Facebook pompano. Auzeni kuchuluka kwa mipando ndi mtengo wa pakhomo, mugwirizane zogawana. Ndipo muonetsetse kuti pali khomo lachiwiri lotulukira moto utabuka.

Mwini funso:
Zikomo nonse. Bambo a ku Bembeke, nkhawa yanu ndi yathunso, ambiri mukomitiyi ndife makolo. Chiyambire kuyendetsa holoyi sititsegula nthawi ya sukulu, ndipo mwana wa yunifolomu salowa. Loweruka m'mawa alangizi a zaumoyo amaonetseramo za kolera ndi katemera, alimi a kachewere amachitiramo misonkhano. Tikanaisiya, ana omwewo bwenzi akuonera pafoni kuseri kwa msika popanda wowayang'anira.

Aphunzitsi, lisiti la pulojekita ndi la sola alipo, la batire tikulifufuza. Mwinimbumba ndi malume awo a anawo, amakhala chakufupi ndi Mtakataka, ndipo amfumu avomera kutiperekeza Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Funso latsala ndi la mwana ali ku Joni uja. Akavomera kudzera pa WhatsApp, mawu ake amagwira ntchito ngati wasaina, kapena tidikire adzabwere pa Khirisimasi? Amene mumadziwa zamalamulo tithandizeni pamenepa.