Manyowa a m'zimbudzi ogulitsa pa pikapu: alidi ndi fosifolasi kapena tingotaya ndalama?

Nyaluso_Choma: Abale, munda wa ku Choma, kufupi ndi Mzuzu, dothi lake ndi katondo, chimanga chimafiirira masamba chikadali chaching'ono, mizu yake yaifupi. Pali anyamata akugulitsa matope a m'zimbudzi ouma, akuti K60,000 pa pikapu. Akuti fosifolasi wake aposa feteleza wokulitsa. Ndigule?

Adada_wa_Luwinga: Musagule amama! Omwe anandigulitsa ine anathira mchenga pansi, pamwamba n'kuwaza zakuda. M'kati matewera, mapulasitiki ndi magalasi osweka. Ndalama sizinabwerere.

Mlangizi_Katoto: Amama, tiwerengere limodzi. Matope okonzedwa bwino, akauma, amakhala ndi fosifolasi pakati pa 1 ndi 3 peresenti. Titenge 1.5: tani imodzi youma ili ndi makilogalamu 15. Thumba la 50 kg la feteleza wa 23:10:5+6S+1Zn lili ndi makilogalamu pafupifupi 2.2 okha, chifukwa 10 wolembedwayo ndi P2O5 (fosifolasi wophatikizana ndi okosijeni), osati fosifolasi weniweni. Papepala tani ija ikufanana ndi matumba pafupifupi 7. Koma mawu ofunika ndi akuti youma. Ngati madzi ndi 60 peresenti, mwagula makilogalamu 400 okha, fosifolasi watsika kufika pa 6. Muchotsenso mchenga. Mzuzu ilibe mapaipi a zonyansa a mzinda wonse, zambiri zimapopedwa m'matanki ndi m'zimbudzi zokumba, ndiye dothi limalowa lambiri. Tengani chidebe chimodzi, yezani pasikelo, yanikani, yezaninso, kenako sefani. Mtengo muukambe mukaona chotsala.

Bigman_Ekwendeni: K60,000? Akuberani. Ife timatenga pa K25,000 ndipo chimanga chathu aliyense wodutsa pamsewu wa M1 amaima kuchijambula.

Adada_wa_Luwinga: K25,000 ndi ya mafuta okha achimwene, musatinamize.

Bigman_Ekwendeni: Pikapu ndi yanga.

MayiPhiri_Zolozolo: Bwanji osangopanga mbeya? Madeya, phulusa, zitosi za nkhuku, feteleza pang'ono ndi madzi, kumanga m'thumba la pulasitiki masiku 21. Zitosi za nkhuku zoikira nazo zili ndi fosifolasi wambiri ndipo palibe wokusekani pamudzi.

Mlangizi_Katoto: Mbeya ndi nkhani ina mayi. Vuto la amamawa ndi asidi. Katondo wa kuno amasukuluka ndi mvula yambiri, pH (muyeso wa asidi m'dothi, ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka) imagwera pansi pa 5.5, ndiye ayironi ndi aluminiyamu zimamanga fosifolasi, mbewu osamupeza. Feteleza wa m'thumba amasungunuka msanga n'kumangidwanso msanga. Wa m'matope amatuluka pang'onopang'ono zinthu zikamawola, komanso zowolazo zimalanda malo ena pomwe fosifolasi akanamangidwa. Apa ndiye pali phindu lenileni. Koma funsani mmene anawakonzera. Ngati anathira laimu, ndi bwino kwa inu chifukwa pH ikwerako. Ngati anathira alamu kapena mankhwala a ayironi kuti matope adikhe, fosifolasi wambiri wamangidwa kale asanafike kumunda. Ndipo matope ochokera kosefera madzi akumwa musawayandikire n'komwe, amenewo amachita kuyamwa fosifolasi wa m'dothi.

Chibavi_Boy: Zonsezi kuti tidye nsima ya m'chimbudzi? Ine ayi.

Namwino_Mchenga: Nseru si vuto, vuto ndi mazira a njoka za m'mimba. Amakhala amoyo m'matope kwa zaka. Kuuma pamwamba sikutanthauza kuti afa. Mulu wa kompositi uyenera kutentha madigiri 55 kwa masiku 15 ukutembenuzidwa kasanu, apo ayi matope asungidwe kupitirira chaka, ndipo kozizira ngati kuno chaka ndi theka mpaka ziwiri. Wogulitsa akalephera kunena tsiku lomwe anawapopa, musiyeni. Pa letesi, kabichi, kaloti ndi tomato musathire. Pothira valani mabuti ndi magolovesi, ana atalikire.

Bigman_Ekwendeni: Muthire matani 10 pa hekitala, yuriya muiwale.

Mlangizi_Katoto: Apo ndiye polakwikira achimwene. Chimanga cha haibulidi chimafuna nayitrojeni wokwana 92 kg pa hekitala. Matope akhale ndi 3 peresenti, koma chaka choyamba wotuluka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, ndiye mufunikadi matani 10. M'matani 10 amenewo muli fosifolasi 150 kg, pomwe chimanga cha matani 4 chimachotsa pafupifupi 12 kg basi. Zaka zoyamba katondo ameza wotsalayo mwakachetechete. Akakhuta, mvula imakokolola dothi lapamwamba kupita kumadambo ndi mumtsinje wa Lunyangwa, madzi n'kudzadza ndere. Fosifolasi akachulukitsa amatsekerezanso zinki, masamba n'kuchita mizere yoyera. Thirani potengera fosifolasi: matani 1 kapena 2 ouma pa hekitala, kukwirira m'mizere milungu iwiri kapena itatu musanabzale, yuriya wobereketsa osamusiya. Pamalo otsetsereka akalozera ndi vetiva akhalepo kaye, ndipo pafupi ndi chitsime pasathiridwe.

MayiPhiri_Zolozolo: Zinki yemweyo ali kale mu 23:10:5. Mukuvutikiranji?

Nyaluso_Choma: Yewo nonse. Ndiye ndiyeze dothi kaye? Kuti?

Mlangizi_Katoto: Funsani ku Lunyangwa Research Station kapena kwa alangizi a kudera kwanu. Tapani dothi malo 10 mpaka 15 m'munda monse, kuya masentimita 20, sakanizani, tengani theka la kilogalamu. Apime pH ndi fosifolasi. Matopewo nawo tengani padera. pH ikapezeka pansi pa 5, ndalama yoyamba ipite ku laimu.

Adada_wa_Luwinga: Kuyeza nako n'kulipira. Mukaphatikiza pikapu, aganyu omwaza ndi labu, si bwenzi mutangogula thumba?

Bigman_Ekwendeni: Thumba lake pamtengo wa lero? Amama ndilembereni kumbali, ndili ndi mulu wotsala wa chaka chatha.

Namwino_Mchenga: Anaupopa mwezi uti?